Makina Osakondera a Pemphani

Pakhomo panga pano ku Nsungwi panakhalapo tambala wofiira amene sanali wanga. Ankadya madeya anga, ankajompha nkhwani zanga, ndipo ankalira pawindo penipeni ngati ndiye mwini nyumba. Mwini tambalayo anali mlongo wanga Pemphani, wondiponda pamutu. Anamugula kuti akaperekedwe pa chinkhoswe chake ndi Tiwale, mtsikana wa ku Mtandire, koma tambalayo anapita kuchinkhosweko n'kubwerako. Inu munamvapo za tambala wobwerera kuchinkhoswe? Khalani pansi ndikuuzeni za munthu ameneyu, chifukwa ine Maness ndimamudziwa kuyambira ali ndi mamina m'mphuno.

Pemphani anabadwa ndi matenda amodzi: kudana ndi kuchita chinthu kawiri. Ena amati ndi nzeru. Ine ndimati ndi ulesi wovala taye. Ali kupulayimale, aphunzitsi atamupatsa chilango cholemba chiganizo chimodzi mpaka tsamba lidzale, iye anamanga zolembera zitatu pamodzi ndi mphira n'kumalemba mizere itatu nthawi imodzi. Anakwapulidwa, koma akulira chomwecho ankafunsabe kuti, "Nanga tsamba silinadzale?" Mayi akamutuma kukanena uthenga kwa anthu a pamdadada wa nyumba zathu za lendi, iye ankangoima pakati pa bwalo n'kukuwa kamodzi, basi, uthenga wafika. Bambo athu, amene ankayendetsa lole ku Kanengo, ankaseka n'kumati mwanayu adzapita patali. Anapitadi patali: pamsika wa Nsungwi, poyenda wapansi kuchokera kunyumba.

Atamaliza Fomu 4 analowa ntchito m'kontena ya a Lajabu, moyang'anizana ndi pamene ine ndimagulitsa kaunjika. A Lajabu ndi bambo wofatsa wa ku Mangochi, ali ndi makina osindikizira makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, masatifiketi a ana a sukulu za mkaka ndi makalata ofunsira ntchito. Ntchito ya Pemphani inali kutayipa mayina. Khadi lililonse dzina lake, satifiketi iliyonse dzina lake, tsiku lonse. Kwa munthu wa matenda ake aja, imeneyo inali ndende.

Ndiye anapeza laputopu yakale ya batire lakufa, yozima magetsi akangophethira. Anayamba kuonera mavidiyo ophunzitsa kulamula kompyuta m'chilankhulo china chake, akuti Ruby. Nkhomaliro ankaiwala, ndevu ankaiwala kumeta, ukamupatsa moni ankayankha mawa lake. Masana ena anadza pabenchi panga akupuma wefuwefu.

"Achemwali, tabwerani mudzaone zodabwitsa."

"Ndisiye iwe, ndili ndi makasitomala."

"Makasitomala ake ati? Pali ntchentche zokhazokha apa."

Ndinamutukwana pang'ono, kenako ndinamutsatira. Pa laputopu paja panali mayina a ana a sukulu ya mkaka, ondondozana mpaka pansi.

"Uwu timati array," anatero akuloza ndi chala. "Ndi mzere chabe wa zinthu, choyamba, chachiwiri, mpaka chomaliza. Tsono pali kamawu aka, map. Ndikalemba kameneka, ndimauza kompyuta zochita ndi dzina limodzi lokha, kamodzi kokha. Iyo imatenga dzina loyamba n'kulichita zimenezo, imatenga lachiwiri n'kulichita zomwezo, mpaka mzere kutha. Pamapeto imandipatsa mzere watsopano, wautali chimodzimodzi, wakale uja osaukhudza."

"Ndiye chigayotu chimenecho," ndinatero. "Thumba lililonse kulowa chimanga, kutuluka ufa."

"Eyaa! Mwayamba kutseguka mutu. Palinso china, hash. M'menemo chinthu chilichonse chili ndi mwini wake, dzina uku, nambala ya foni uku, ngati matumba a kuchigayoko akalembedwa mayina. Map yomweyo imayendanso m'menemo, mmodzimmodzi, osatenga cha wina kupatsa wina."

Anadina batani. Makina a a Lajabu anayamba kulavula masatifiketi, iliyonse ndi dzina lake, ntchito imene kale inkamudyera masiku. Ndisaname, ndinagoma. Ndinaomba m'manja mpaka a Lajabu anasuzumira kuti aone kuti kwagwanji.

Kuomba m'manja kumeneko ndi kumene kunamuwononga. Pemphani anasanduka dolo wa pa Nsungwi. Anagula magalasi opanda mankhwala, a maonekedwe chabe, n'kusiya kandevu pachibwano. Akaona anthu akudikira minibasi ya m'tauni, akuti array. Akaona madiresi anga ali ndi timapepala ta mitengo, akuti hash. Ndipo anali ndi ulaliki wake umene ankauza aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Map sikondera munthu," ankatero. "Wolemera, wosauka, m'busa, chidakwa, onse imawachita chimodzimodzi. Dziko lino likanayendetsedwa ndi map, bwenzi kulibe katangale."

Chenjezo loyamba linabwera, koma sanalimve. Amayi a kumpingo kwathu anamubweretsera mayina kuti awapangire mabaji a msonkhano. Iye anauza makina kuti dzina lililonse liyambe ndi Mayi, osaona kuti amayiwo, mwaulemu wawo, anaika dzina la abusa pamwamba penipeni. Abusa athu, munthu wa ndevu zake, analandira baji yowatchula Mayi. Mpingo unaseka mpaka nthiti kuwawa. A Lajabu anamukhazika pansi, ndipo Pemphani anavomera kuti njira ilipo: umaika kamzere kena mkatimo koti makina akafika pa dzina lakutilakuti, alilambalale kapena alichite mwina. Sungani mawu amenewo. Njira inalipo, ndipo iye ankaidziwa.

Tsono Tiwale. Iye ndiye mphunzitsi wa sukulu ya mkaka amene ankabweretsa mayina a ana aja. Mtsikana wosalankhulalankhula, koma akanena wanena. Ankachita lendi kachipinda ndi mnzake konkuno ku Area 25 kuti ayandikire ntchito, koma kwawo kwenikweni kunali ku Mtandire, kwa amalume ake a Golden. Mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, bambo ake anapita ku Joni osatumiza ngakhale moni, ndiye a Golden, mlongo wa malemuwo, ndi amene anamulera. Chimene Tiwale anaona mwa Pemphani, kaya, mwina magalasi aja. Koma anamukonda zenizeni, ndipo Pemphani naye akamuona ankaiwala ndi array yemwe.

A Golden anali kapitawo pa kampani ina ya fodya ku Kanengo. Ntchito anapuma kalekale, koma ukapitawo sunapume. Jekete savula ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Amaweta nkhuku, ndipo amazikalipira ngati antchito ochedwa pa shifiti. Munthu wovuta, ndisakubisireni. Ukawapatsa moni uli chiimire amayang'ana kumbali ngati kwadutsa mphepo. Koma munthu wovuta yemweyo ndi amene ankakweza Tiwale panjinga kupita naye kusukulu, ndipo mwanayo atadwala malungo anakagona naye kuchipatala, mwamuna yekhayekha pakati pa azimayi. Iwo ndi akazi awo sanaone mwana wawowawo.

Kufunsira kunayenda bwino. Nkhoswe yathu, amalume athu a Enerst a ku Biwi, anapita ku Mtandire, anakhala pansi, anakamba. Anagwirizana kuti chinkhoswe chidzakhale mvula ikatha, ndipo tsiku lenileni adzakambirananso. Pajatu kwathu kuno tsiku la chinkhoswe silimveka pamphepo. Nkhoswe ya kuchimuna imanyamuka ndi miyendo yake kukagogoda kwa nkhoswe ya kuchikazi, n'kufunsa ngati tsiku lakuti lingatheke. Ngakhale tenti mwaipeza kale, mumakafunsabe ngati simukudziwa kanthu, chifukwa mwini mbumba ndiye amapereka mwana, ndipo ndiye amapereka tsiku.

Koma m'tauni muno muli chilombo chotchedwa komiti. Anzake a Pemphani anatsegula gulu pa Watsapu, ndipo gululo linasankha tsiku, malo, tenti, keke ndi mtundu wa nsalu, kukangana za maluwa ngati akugawana munda. Zitatha zonsezo a Enerst anaimba foni kufunsa kuti ku Mtandire apite liti.

"Amalume, musavutike ndi maminibasi awiri ndi mwendo wanuwo," anatero Pemphani. "Zonse ndakonza, aliyense amva."

A Enerst ndi munthu wokonda mpando. Atamva kuti asavutike, sanavutikedi. Tiwale naye atafunsa ngati amalume ake auzidwa, Pemphani anamuyankha kuti zimenezo zili m'manja mwa akuluakulu, iye n'kuganiza kuti a Enerst apita.

Ine ndinaziona ndi maso anga. Ndinalowa m'kontena muja kukatchaja foni, ndipo ndinapeza Pemphani akumwetulira laputopu. Anali atapanga hash ya alendo onse, dzina lililonse ndi nambala yake ndi mpando wake. Inde, mipando ya pachinkhoswe yogawa pa kompyuta, ngati tikukwera ndege. Ndinayendetsa maso pamayinapo, n'kuima pa dzina lina.

"Iwe, dzina ili ndi la ndani?"

"A Golden."

"A Golden ake ati?"

"Amalume ake a Tiwale."

"Pakati pa Angella wa kusaluni ndi Greyson wa kabaza?"

"Ndi mmene zilembo zatsatanira, achemwali."

Anandionetsa uthenga umene map ikanaveka dzina lililonse. Ndimaukumbukira mpaka lero: "Okondedwa akuti, mukuitanidwa ku chinkhoswe cha Pemphani ndi Tiwale." Kenako tsiku, malo ndi mpando. Pamapeto: "Chonde sungani nthawi. Musabwere ndi ana."

Ndinamukalipira. "Mutu wako ukuyenda bwino iwe? Munthu umamuitana m'nyumba mwake momwe? Chotsa dzinalo msanga! Ika kamzere kako kolambalala kaja, a Enerst akwere minibasi."

"Ndikapatula a Golden lero, mawa mundiuza kuti ndipatule azakhali, mkuja agogo. Ndiye phindu la map n'chiyani? Uthengawu ndi waulemu, muli okondedwa, muli chonde. Zoyendayenda m'makomo izi n'zachikale, achemwali."

"Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo," ndinamuuza.

Anadina batani ine ndikuyang'ana. Foni yanga inalira pomwepo pa tchaja. Nanenso ndinali nditaitanidwa, ine mlongo wake wa bere limodzi, wodzasenda anyezi wa pachinkhoswepo, ndipo ndisabwere ndi ana.

Ndinaimbira a Enerst pomwepo. Iwo anati madzi akatayika saoleka, tidikire tione ngati a Golden adandaule. A Golden sanadandaule. Anayankha uthengawo ndi mawu awiri okha: "Zikomo. Ndalandira." Pemphani anawoloka msewu kudzandionetsa, foni ili m'mwamba ngati chikho cha mpira. Ndinamuuza kuti munthu wokalipira nkhuku akakuyankha mawu awiri, yamba kuopa. Anaseka, n'kunena kuti ine ndimakonda mavuto.

Tsiku linafika. Tenti yoyera pabwalo la sukulu ina ya pulaiveti konkuno ku 25, masipika aatali kuposa munthu, atsikana a komiti atatchena nsalu imodzi. A Golden anafika anthu akupukutabe mipando. Jekete yakuda, nsapato zonyezimira, katoni m'khwapa. Anaonetsa foni kwa mtsikana wolandira alendo, iye n'kuwalozera mpando wawo mzere wapakati. Anakhala pomwepo, katoni ija n'kuilowetsa pansi pa mpando. Greyson wa kabaza atafika anakhala pambali pawo n'kuwapatsa chibakera cha moni. Kutsogolo kunali mipando iwiri ya ankhoswe yomangidwa maliboni. Pa umodzi panakhala a Enerst, winawo unali mbee. Azimayi a kuchikazi anapita kukawanong'oneza a Golden kuti asunthire kutsogolo, koma iwo anangoti, "Mpando wanga ndi uno, analemba."

Mwambo unayamba. Anthu anavina, atsikana ofunditsidwa zitenje anatulutsidwa mmodzimmodzi, a Enerst n'kumavundukula n'kumakana kuti si ameneyu, mpaka anapeza Tiwale, nthungululu n'kuphulika. Pemphani mano onse anali pamtunda. Ine ndekha ndinkangoyang'ana mzere wapakati uja.

Kenako woyendetsa mwambo anati, "Tsopano tafika pachimake. Ankhoswe a mbali zonse abwere kutsogolo adzasinthane nkhuku."

Pamenepo ndiye pagona chinkhoswe. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti, ndipo nkhuku zikapanda kusinthana manja, zonse zija ndi phwando chabe. A Enerst anadzuka, tambala wofiira uja ali m'manja. Anaima. Anaimabe. Mnyamata wa nyimbo anatsitsa mawu.

"Ankhoswe a kuchikazi," anatero woyendetsa mwambo akuseka mokakamiza. "A Golden, tikudikira inu, bwana."

A Golden anadzuka mosafulumira, anamanga batani la jekete, anavala magalasi awo enieni, n'kutulutsa foni. Anawerenga uthenga wonse uja mokweza, mawu amodziamodzi, ndi mawu a kapitawo osafuna maiki. Atamaliza anaibweza m'thumba.

"Nthawi ndasunga," anatero. "Mpando ndaupeza. Ana sindinabwere nawo. Ine ndine mlendo woitanidwa, ndabwera kudzaonerera. Amene anapereka tsikuli, yemweyo apereke mwana."

Anakhala pansi. Tenti yonse inangoti zii. Ndipo m'kachetechete momwemo, pansi pa mpando wa a Golden panamveka kulira kwa nkhuku. Aliyense anamva. M'katoni muja munali msoti.

Ha! Ine ndinazindikira pomwepo. Munthu wobwera kudzawononga mwambo sanyamula msoti kuchokera ku Mtandire. Madala aja ankangofuna munthu mmodzi awagwadire n'kunena kuti talakwa, basi, akanadzuka. Ndinathamangira kwa Pemphani n'kumukoka jekete.

"Pita ukagwade," ndinamunong'oneza. "Usakanene chilichonse. Ukangogwada, wamva?"

Anagwedeza mutu n'kunyamuka. Ndinapumira m'mwamba. Koma mwana wa mayi anga uja, m'malo molunjika mzere wapakati, anakhotera kwa woyendetsa mwambo n'kumulanda maiki.

"Amalume, ndi ulemu wonse, palibe amene wakunyozani," anayamba, mawu ake akugunda m'masipika mpaka kumsewu. "Uthenga umenewo sindinalembere inu nokha ayi. Ndi pulogalamu. Imatenga dzina lililonse, mmodzimmodzi, n'kulichita chimodzimodzi. Umene mwalandira inuwo ndi womwewo walandira Greyson ali pambali panuyo. Makina sadziwa kuti uyu ndi ndani."

Ndipo Greyson, chitsiru cha munthu, anakweza foni yake m'mwamba kuchitira umboni.

Mayo ine! Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa ndi nsalu yanga ya komiti yomwe. A Golden anamuyang'ana Pemphani nthawi yaitali, osakwiya, osakweza mawu.

"Makina sadziwa, ndamva," anatero. "Nanga inuyo, bambo, mumadziwa?"

Anawerama, anatenga katoni yawo, n'kuyamba kuyenda kulunjika kugeti. Tiwale anadzuka pampando wake wa maluwa. Sanalire, sanakuwe, sanamuyang'ane Pemphani. Anapinda chitenje chimene anamufunditsa chija bwinobwino, anachisiya pampando, n'kutsatira amalume ake. Pageti anawalandira katoni ija n'kuisenza yekha. Abale ake onse anadzuka mmodzimmodzi n'kuwatsatira.

Tinatsala ife, masipika, ndi a Enerst ali chiimire ndi tambala. Musaganize kuti alendo anabalalika ndi chisoni. Anthu a mu Lilongwe sasiya mpunga chifukwa cha tsoka la eni ake. Anadya, ena ananyamulako m'majumbo, ndipo keke inatha. Tambala anandipatsa ine, poti akuti ndili ndi mpanda.

Masiku otsatira Pemphani anaphwa ngati thumba lotha ufa. Magalasi anavula, laputopu inachita fumbi, ndipo a Lajabu ankatayipa okha mayina a makasitomala ndi chala chimodzi. Tiwale foni sankayankha. Ndinamupeza tsiku lina akulemba uthenga wautali wopepesa, ndipo ndinamuuza kuti akangoutumiza, foniyo ndi laputopu yomwe ndikaziponya mumtsinje wa Lingadzi. Ndinamumvera chisoni, inde, ndi mlongo wanga, koma ndinkafunanso kumuwaza makofi.

A Enerst mwendo unachira mwadzidzidzi. Anakwera maminibasi awiri aja kupita ku Mtandire, n'kuuzidwa kuti a Golden akudyetsa nkhuku, alibe mpata. Anapitanso, akuti akudyetsabe. Ulendo wina ndi pamene anabwera ndi yankho, ndipo anatiuza mmene analimvera.

"Akuti makina a mnyamatayo amayenda mmodzimmodzi. Ndiye nayenso ayende mmodzimmodzi. Aliyense wa mbumba yawo amene anadzuka m'tenti muja, akamupeze pakhomo pake. Kwa iwo akafike pomaliza. Akalephera, aiwale za Tiwale."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu amene ali mwana ankakuwa pakati pa bwalo kuti asagogode zitseko za pamdadada umodzi, tsopano azungulire Lilongwe yense wapansi.

Matenda sathera tsiku limodzi. Pemphani analoweza mawu amodzi opepesera oti akanene paliponse. Anayambira ku Chinsapo, kwa azakhali ena a Tiwale. Asanafike pakati pa mawu akewo anamudula, akuti walowa m'nyumba ya munthu wodwala mwendo osafunsa n'komwe kuti mwendowo uli bwanji, abwerenso akaphunzira moni. Ku Mgona anapeza agogo osamva bwino, ndipo kupepesa kwake anachita kukuwa mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka kudzaonerera. Ku Kawale msuweni wina sanafune mawu alionse, anangomupatsa fosholo kuti amuthandize kukumba dzenje la zinyalala. Ku Area 23 mayi wina atangomva dzina la Tiwale anayamba kulira, poti malemu mayi ake anali mnzake wa pamtima, ndipo anamukhazika mpaka dzuwa kupendeka akumusimbira za munthu amene Pemphani anali asanafunsepo n'komwe dzina lake.

Ankabwerako ali mbuu ndi fumbi, nsapato zitapindika. Tsiku lina anakhala pakhonde panga akuyang'ana tambala uja akumaliza nkhwani zanga.

"Achemwali," anatero, "mawu amodzi sakugwira paliponse."

"Wayamba kuchira," ndinamuyankha, n'kumupatsa madzi osamba.

Nyengo yozizira inali itatha pamene tinapita ku Mtandire, ine, iye ndi a Enerst. Tinawapeza a Golden pakhonde, jekete ili pathupi, nkhuku zikuwazungulira. A Enerst anapatsidwa mpando. Pemphani sanadikire mpando, anakhala pansi padothi ndi thalauza lake la kuntchito. Tiwale anali pambali pa nyumba akutsuka mbale, nsana atatilozetsa, koma mbale imodzi yomweyo ankangoitsuka osaimaliza.

A Enerst atayamba kukonza kukhosi, a Golden anakweza dzanja. "Alankhule mwini wake. Mwabwera kudzandiitana, bambo?"

"Ayi, amalume," anatero Pemphani, maso ali pansi. "Ndinalakwa. Ndabwera kudzapempha ngati mungatipatse tsiku."

Ndinadikira kuti awonjezere za pulogalamu, dzanja langa lili chire kuti ndimutsine. Sanawonjezere kanthu.

A Golden anayang'ana nkhuku zawo. Atayamba kulankhula, mawu a kapitawo aja panalibe.

"Mwana uyu mlongo wanga anandisiyira asanayambe kuyenda. Tsiku lomupereka ndakhala ndikuliganizira kuyambira nthawi imeneyo. Ndinkaliopa, komanso ndinkalifuna. Ndinali ndi mawu anga oti ndidzanene. Ndiye tsikulo ndinalimva pafoni, pamodzi ndi wa kabaza."

Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi mpango nthawi yaitali, ngakhale sanali akuda. Kenako anaitana. "Tiwale! Munthu uyu ukumufunabe?"

Tiwale anaika mbale ija pansi. "Ngati wafika pano ndi miyendo yake, eya, amalume."

"Loweruka likubwerali," anatero a Golden. "Pabwalo pano. Tenti sindikufuna."

Chinkhoswecho chinachitikira pamikeka, pansi pa mtengo wa mango, popanda khadi kapena masipika. Komiti inabwera yofatsa ngati yanyowa ndi mvula. Tambala ndinamunyamula ndekha kuchokera ku Nsungwi, ndipo m'minibasi monse ndinkamuuza kuti asadzabwerenso. Nthawi yosinthana nkhuku itakwana, a Enerst anapereka tambalayo, a Golden n'kumulandira ndi manja awiri. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi katoni yomwe ija. Msoti uja, pa nthawi yonse imene Pemphani ankazungulira tauni, unali utasanduka thadzi, ndipo m'katonimo munali iwo ndi anapiye ake. Anthu anaseka, nthungululu n'kumveka mpaka kumsewu.

A Golden anadikira phokoso lithe. Anagwira dzanja la Tiwale n'kuliika m'dzanja la Pemphani, koma sanalisiye msanga.

"Mawu anga aja ndi ochepa," anatero. "Uyu ndi mmodzi yekha. Kutsogolo kwake kunalibe wina, ndipo pambuyo pake sikukubwera wina. Mukamusunge."

Pemphani, munthu wosasowa choyankha chibadwire, anaweramitsa mutu. Anangogwada pomwepo padothi, dzanja la Tiwale ali chigwirire. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kumene ankaphikira, n'kuwauza azimayi kuti utsi wandilowa m'maso.